Njinga ya malemu bambo kapena yamagiya ya pakaunjika?

WOWULUTSA: Kalata yoyamba yachokera ku Mitundu. Bambo awa akuti: "Ndili ndi njinga ya Humber imene anandisiyira malemu bambo anga. Ndimanyamulira chimanga ndi mbatata kupita kumsika, mwina mpaka ku Lilongwe. Ana akundiseka, akuti ndigulitse chiphaphachi ndigule yamagiya, yopepuka. Ndiwamvere?"

KATSWIRI: Bambo, anawo aziseka, koma njingayo isachoke pakhomo. Humber ndi dzina la ku England, ndipo kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inaligula mu 1932. Zimene zadzaza m'misika lero, Hero, Avon ndi Neelam za ku India, kapena Phoenix ya ku China, zinatengera kapangidwe komweko: felemu yachitsulo, matayala a 28, mabuleki a ndodo.

Chitsulo chikatopa chimachenjeza. Chimayamba chapindika, kapena penti imasweka pamene payambira mng'alu. Zikatero mumangoikankha njingayo kwa wowotcherera pa Mitundu pompo, ayatsa gasi, asungunulirapo waya wa mkuwa, madzulo mwakwezanso thumba. Aluminiyamu wa njinga zopepukazo satero. Amafuna makina ena ogwiritsa ntchito mpweya wa argon, ndipo powotchererapo pamatsala pofooka. Felemu yotere ikathyoka muli kumidzi yolowera ku Dzalanyama, mubwera mutaisenza. 

Komatu si yamagiya iliyonse ili ya aluminiyamu. Chotsani maginito m'sipika ya wailesi yakufa, mukaigunditse pafelemu. Ikakakamira ndi chitsulo. Ngakhale itero, onani masipoko ndi kaliyala: zambiri za pakaunjika anazipangira munthu mmodzi ndi kachikwama, osati matumba awiri a makilogalamu 50.

WOWULUTSA: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Nathenje. Amapalasa tsiku ndi tsiku mumsewu wa M1 kupita kuntchito m'tauni, wopanda katundu. Waona njinga ziwiri za matayala owonda, za mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ina ndi yakale yachitsulo, ina ndi yatsopano ya aluminiyamu, yodulirapo. Atenge iti?

KATSWIRI: Apa nkhani yasintha, achimwene. Zimenezo ndi njinga za mpikisano. Yakaleyo muiyang'ane pampope wa pansi pa chishalo. Mukapeza kachizindikiro kolembedwa Reynolds 531, mwatola. Ndi mipope yachitsulo yopyapyala koma yolimba, imene inayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1935, ndipo akatswiri anapambanira mipikisano kwa zaka zambiri. Chitsulo chinapambana komaliza mpikisano wa Tour de France mu 1994, atakwera Miguel Indurain wa ku Spain. Lero akuthamangira za kaboni, zopepuka moti malamulo anachita kuika malire akuti njinga isachepere makilogalamu 6.8. Ya bambo a ku Mitundu ija imafika 20.

Koma ndisakunamizeni kuti chakale chilichonse n'chabwino. Werengani manambala a patayala. Njinga zambiri zakale zili ndi mawilo a 27, pomwe zatsopano ndi 700C. Kusiyana kwake ndi mamilimita 8 okha, koma tayala la ina silikhala pa inzake, ndiye funsani kaye kwa ogulitsa zipangizo ngati a 27 alipo. Chachiwiri ndi malimu. Akakhala achitsulo onyezimira aja, mvula ikagwa mabuleki amangotsetsereka, inu mukufinya, lole ili kumbuyo, msewu wake wodyeka m'mbali. Pamenepa yatsopano yapambana, sindikangana nazo, ndipo magiya ake amasinthira pachala osachotsa dzanja pahandulo.

Musanapereke ndalama, masulani chishalo muchizule. Chikakana, kapena mukatuluka fumbi lofiira, dzimbiri ladya m'kati, isiyeni. Yendetsaninso dzanja pansi pa mpope, kuseri kwa foloko. Mukamva kakhwinya, njingayo inaombapo chinthu. Zonsezi zikakhala bwino, ine ndingatenge yachitsuloyo, ndalama yotsala ndigulire mawilo a malimu a aluminiyamu ndi matayala onenepako.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera, koma wakabaza wina wa pa Mitundu wafunsa mwachidule: kodi zachitsulo zolimba anasiya kupanga?

KATSWIRI: Sanasiye. Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, ndi yatsopano koma yachitsulo, kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100, ndipo buleki yake ili m'habu, mumangobweza mapedulo, mvula siikhudza. Musanagule, mufunse okonza njinga a pamsika wanu ngati habu imeneyo amaidziwa kumasula, ndiponso kumene amapeza zipangizo zake.