Phunziro la Zaumoyo: Kukhuta Msanga ndi Kusafuna Chakudya Kungakhale Chizindikiro cha Kufooka kwa Mtima



Panyumba, amene amaomola nsima ndi kugawa ndiwo ndinu. Amene amalandira mbale zikamabwerera kukhitchini ndinunso. Chotero munthu wa pabanja akayamba kusiya chakudya, woyamba kudziwa si dokotala kapena anamwino, koma inu. Phunziro lathu la mwezi uno ndi lokuthandizani kuzindikira nthawi imene chakudya chotsala m'mbale chikunena za matenda a mtima.

Tiyerekeze kuti apongozi anu ankatha mitanda iwiri ya nsima popanda vuto. Masiku ano akangodya mbamu zitatu kapena zinayi ayamba kusamba m'manja, nati, "Ndakhuta mwanangu, m'mimba mwadzaza." Mwayesa kuwaphera nkhuku, mwayesa kutendera chibwabwa, koma zili chimodzimodzi. Ena mwa ife timakhumudwa poganiza kuti akunyoza kaphikidwe kathu. Ena timangoti ndi ukalamba, kapena timathamangira kukantini kukagula mankhwala a njoka za m'mimba. Ochepa ndiwo amaganiza za mtima, chifukwa mtima uli m'chifuwa ndipo dandaulo lili m'mimba.

Kufooka kwa mtima n'kutani?

Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo uli ndi zipinda zinayi. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi, ndipo umapopa magazi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi yomweyo. Mbali ya kumanja imalandira magazi ochokera m'thupi ndi kuwatumiza m'mapapo. Mbali ya kumanzere imalandira magazi ochokera m'mapapo ndi kuwatumiza m'thupi lonse.

Tikati mtima wafooka sitikutanthauza kuti waima. Ukugwirabe ntchito, koma sukupopa magazi mokwanira monga thupi likufunira. Magazi obwerera kumtima amayamba kuunjikana m'mitsempha, monga madzi amachitira mumfolo umene watsekeka kumapeto. Impso nazo zikaona kuti magazi ofika kwa izo achepa, zimayamba kusunga mchere ndi madzi m'malo mozitulutsa ndi mkodzo. Madzi amenewa amatuluka m'mitsempha ndi kukhala m'mapazi, m'mapapo ndi m'mimba.

Mtima ukugwirizana bwanji ndi m'mimba?

Pali njira zinayi zimene mtima wofooka umalanda nazo munthu chilakolako cha chakudya.

Yoyamba ndi chiwindi. Magazi ochokera m'chiwindi amayenda kamtunda kochepa kukalowa mbali ya kumanja ya mtima. Mbali imeneyi ikafooka, magazi amadzaza m'chiwindi ndipo chimatupa. Wodwala amamva kulemera kapena kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, ndiponso chiwindi chotupacho chimapanikiza chifu.

Yachiwiri ndi matumbo. Khungu la chifu ndi la matumbo limamwa madzi ndi kutupa monga mapazi amatupira. Chakudya chimayenda pang'onopang'ono, munthu amamva mseru ndi kufufuma m'mimba, ndipo zofunika za m'chakudya sizilowa bwino m'thupi.

Yachitatu ndi madzi odzaza m'mimba. Matenda akakula, madzi amasonkhana mozungulira matumbo, mimba imakula, ndipo malo a chakudya amachepa.

Yachinayi ndi phuma. Kutafuna ndi kumeza ndi ntchito kwa munthu amene akupuma movutikira. Chifu chikadzaza chimakankhira m'mwamba ndipo kupuma kumavuta koposa. Wodwala amasiya kudya kuti apeze mpweya.

Zizindikiro zina zimene muyenera kuyang'ana

Amai, si munthu aliyense wokhuta msanga amene ali ndi vuto la mtima. Zilonda za m'mimba, TB, HIV, shuga, matenda a chiwindi ndi a impso, khansa ya m'chifu kapena ya m'mazira a amai, ngakhale chisoni cha maliro, zonsezi zimachotsa chilakolako cha chakudya. Chimene chimalozera ku mtima ndi pamene kukhuta msanga kwabwera pamodzi ndi zina mwa izi:

1. Kutupa mapazi ndi miyendo yonse iwiri. Dinikizani ndi chala pamwamba pa kakolo kwa kanthawi. Pakatsala chibowo, amenewo ndi madzi.

2. Phuma pogwira ntchito imene kale inali yopepuka, monga kusesa pabwalo, kusinja, kapena kupita kuchitsime.

3. Kulephera kugona chagada. Munthu amawonjezera mitsamiro, kapena amagona atatsamira khoma.

4. Kudzidzimuka pakati pa usiku akubanika, mpaka kutsegula chitseko kufuna mpweya.

5. Chifuwa chosatha, makamaka usiku.

6. Kutopa kwambiri, mtima kuthamanga, ndi kudzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi.

7. Mitsempha ya m'khosi kuonekera itatupa ngakhale munthu atakhala tsonga.

Kunenepa konyenga

Pamenepa ndi pamene ambiri timasochera. Munthu akudya pang'ono, koma nsapato zathina, siketi yakana, ndipo sikelo ikuonetsa kuti walemera. Achibale amati, "Musadandaule, si uyu akunenepa?" Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye munthu angathe kunyamula makilo angapo a madzi pamene mnofu wake ukutha. Yang'anani mapewa, mikono ndi masaya. Ngati kumtunda akuonda koma mimba ndi miyendo zikukula, kumeneko si kunenepa.

M'midzi mwathu munthu akatupa miyendo, kawirikawiri timamva kuti waponda mankhwala kapena kuti ndi mdulo. Mabanja ayambana chifukwa cha zimenezi, ndipo miyezi imatha wodwala asanaonane ndi dokotala. Ena amatema mphini pamiyendo yotupayo. Khungu lodzaza madzi silipola msanga, ndipo mphinizo zimasanduka zilonda zovuta.

Chimene chimafooketsa mtima

Mu 2012 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa THESUS-HF, amene anaona odwala 1,006 ogonekedwa m'zipatala chifukwa cha kufooka kwa mtima m'maiko 9 a kuno ku Africa. Pafupifupi theka la odwalawo anali azimai, ndipo poyerekeza zaka za onse zinali 52. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 45 mtima wao unafooka chifukwa cha BP. Tikuphunzirapo kuti matendawa si a nkhalamba zokha, si a abambo okha, ndipo gwero lake lalikulu ndi matenda amene angapimidwe pa kiliniki iliyonse. BP ikamakhala pa 140/90 kapena kupitirira kwa zaka zambiri, mtima umakankha magazi movutikira mpaka umatopa. Munthu angakhale ndi BP osamva kupweteka kulikonse.

Gwero lina ndi zilonda za pakhosi za ana zimene sizinachiritsidwe. Tizilombo tina ta pakhosi timachititsa thupi kuononga tizitseko ta m'kati mwa mtima, ndipo vuto limadzaonekera mwana atakula, nthawi zambiri mtsikana akatenga pakati. Mankhwala a penicillin operekedwa pa nthawi yake amateteza zimenezi.

Palinso kufooka kwa mtima kumene kumagwira amai m'mwezi wotsiriza wa pakati, kapena m'miyezi yoyambirira atachira. Kumabisala chifukwa tonse tinazolowera kuti mai wapakati amatupa mapazi ndi kutopa. Koma mai amene watuluka m'chikuta, nakhala akutupabe, akukana chakudya ndiponso akulephera kugona chagada, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Alangizi ndi apongozi, gwirani mfundo imeneyi.

Zina ndi TB imene yagwira kathumba kokuta mtima, kuchepa kwambiri kwa magazi, shuga, mowa wambiri, ndi kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima.

Mukafika kuchipatala

Mukangonena kuti "sakudya" kapena "m'mimba mukuwawa," n'kutheka kubwerako ndi mankhwala a m'mimba okha. Fotokozani zonse: anayamba liti kukhuta msanga, akugonera mitsamiro ingati, amayenda mtunda wotani asanaime kuti apume, miyendo inayamba liti kutupa, ngati ali ndi BP kapena shuga, ngati anachira posachedwa. Nyamulani mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba. Musaope kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi adokotala, sungakhale mtima?"

Achipatala adzapima BP, adzamvetsera mtima ndi mapapo, ndipo angajambule X-ray ya chifuwa, kuyesa magazi, ndi kupima kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG. Chimene chimaonetsa bwino mphamvu ya mtima ndi sikani yofanana ndi ija ya amai apakati. Ngati pa kiliniki palibe zipangizo zimenezi, adzakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Ofunika thandizo lapadera amatumizidwa ku Lusaka, kumene kuli UTH ndi National Heart Hospital.

Matendawa nthawi zambiri satheratu, koma mankhwala alipo. Furosemide amachotsa madzi kudzera mumkodzo. Enalapril, carvedilol ndi spironolactone amapeputsa ntchito ya mtima ndipo amatalikitsa moyo. Madzi akachoka m'chiwindi ndi m'matumbo, chilakolako cha chakudya chimabwerera. Wodwala asasiye mankhwala chifukwa wapeza bwino, pakuti madzi amabweranso. Amene akumwa digoxin achenjere: akayamba kukana chakudya, kusanza, kapena kuona zinthu ngati zachikasu, mwina mankhwalawo achuluka m'thupi, ndipo abwerere kuchipatala msanga.

Kusamala wodwala kunyumba

Musamukakamize kutha mbale yaikulu. M'patseni chakudya chochepa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Phala la nsinjiro, dzira, nyemba zophwanya, nsomba yaiwisi, mbatata, nthochi ndi papaya zimapatsa mphamvu popanda kudzaza mimba. Adye atakhala tsonga, ndipo asagone atangomaliza kudya. Asadzaze mimba ndi thobwa kapena tiyi chakudya chisanafike.

Chepetsani mchere, chifukwa umasunga madzi m'thupi. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiwo pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi mchere wobisika m'zakudya. Kapenta ndi nsomba zouma za mchere muziviike ndi kuzitsuka musanaphike. Soseji, tizibulumwa tokometsera ndiwo ndi zakudya za m'zitini zili ndi mchere wambiri. Soda amene timathira m'therere amasunganso madzi m'thupi monga mchere, ndipo wodwala asamwe soda kapena Eno pofuna kuthetsa chilungulira. Kometsani ndiwo ndi anyezi, tomato, adyo kapena mandimu. Kuchuluka kwa madzi akumwa funsani dokotala, chifukwa odwala amasiyana.

Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amasungitsa madzi m'thupi ndi kuvulaza impso. Wodwala mtima asagule yekha amenewa. Mowa ndi fodya, ngakhale wa phuno, asiyiretu.

Ngati muli ndi sikelo, mpimeni m'mawa uliwonse atataya madzi, asanadye, ndipo lembani m'kabuku. Akawonjezera makilo opitirira 2 m'masiku atatu, madzi akubwerera. Ngati sikelo palibe, yang'anirani nsapato, mphete ndi lamba. Mbale nayo ndi sikelo: wodwala amene anayamba kudya bwino akayambanso kusiya chakudya, musadikire tsiku limene anakulemberani.

Fulumirani kuchipatala ngakhale usiku ngati wodwala akubanika atangokhala, akumva kupweteka kwambiri pachifuwa, wakomoka, wasokonezeka mutu, milomo yada, kapena akutsokomola thovu losakanikira ndi magazi.

Mafunso okambirana

1. Tchulani njira zinayi zimene mtima wofooka umachititsira munthu kukhuta msanga.

2. Mungasiyanitse bwanji kunenepa kwenikweni ndi kutupa kwa madzi?

3. Kwathu kuno anthu amati chiyani munthu akatupa miyendo? Tingalankhule bwanji ndi banja lotere popanda kulinyoza?

4. Ndi zakudya ziti za m'nyumba mwanu zimene zili ndi mchere kapena soda wambiri?

5. Ndani pakati pathu wapimitsa BP m'miyezi 12 yapitayi?

Mau otsiriza

Amai, pokayendera odwala timanyamula ufa, nkhuni ndi ndiwo, ndipo ndi ntchito yabwino. Sabata ino onjezanipo mafunso atatu: Kodi mukudya bwanji? Mukugona bwanji usiku? Tione mapazi anu? Mukapeza kuti zitatuzi zasokonekera pamodzi, thandizani banjalo kupeza njira yofikira kuchipatala. Ndipo inu eni ake, amene mumadya pomalizira ndi kubisa kudwala kuti pakhomo pasaime, dzifunseninso mafunso omwewa. Mukapita ku sikelo ndi mwana kapena mdzukulu, pemphani anamwino akupimeni BP musanabwerere kunyumba.