Mlatho Sunamangidwe, Nanga Chithunzi Chake Chachokera Kuti?

Mainjiniya asanapange galimoto, mpope wa madzi kapena mlatho, amayamba achijambula pa kompyuta ndi mapulogalamu a CAD monga AutoCAD kapena SolidWorks. Chojambulacho chimakhala ndi miyeso yonse, koma chimangooneka chotuwa ngati chidole cha dongo. Tsono eni ndalama amafuna kuona chinthucho ngati chilipo kale. Ntchito yosandutsa chojambula chotuwacho kukhala chithunzi chonga chojambulidwa ndi kamera imatchedwa rendering, ndipo chinsinsi chake ndi fizikisi yomwe ndimakuphunzitsani ija.

Mukukumbukira kuti timaona chinthu chifukwa kuwala kwachoka ku dzuwa kapena babu, kwagunda chinthucho, n'kunjanja kulowa m'diso? Kompyuta imatsata njira yomweyo, koma chobwerera. Imayambira pa kamera yongoyerekeza, n'kutumiza mzere wowongoka kudzera pa kadontho kalikonse ka chithunzi, komwe timati pixel. Bwanji chobwerera? Kuwala kochuluka kochoka pa babu sikufika n'komwe m'kamera, ndiye kukutsata konse n'kutaya nthawi. Njirayi ndi ray tracing. Turner Whitted ndi amene anaonetsa mu 1980 momwe mzere ungatsatidwire ukamanjanja kapena kulowa m'galasi.

Mzerewo ukagunda chinthu, kompyuta imafunsa kuti, ichi n'chopangidwa ndi chiyani? Ngati ndi chitsulo chosalala, lamulo lake mukulidziwa: angle of incidence imafanana ndi angle of reflection. Ngati ndi konkire yokhakhala, kuwala kumamwazikira mbali zonse, n'chifukwa chake simudziona nkhope pa khoma. Ngati ndi galasi, mzere umakhota motsatira lamulo la Snell. Refractive index ya galasi ndi pafupifupi 1.5, ya madzi 1.33. Nanga mthunzi? Kuchoka pamalo pomwe mzere wagunda, kompyuta imatumiza mzere wina kulunjika ku dzuwa. Ukatchingidwa panjira, basi pamenepo ndi pamthunzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi cha 1920 x 1080 chili ndi mapixel 2,073,600, ndipo iliyonse imafuna mizere yambirimbiri, apo ayi chithunzi chimatuluka cha timadonthomadontho ngati mchenga. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ndiye mphindi imodzi ndi zithunzi 1,440. Tiyerekeze kuti chilichonse chikutenga mphindi 5. Ndi mphindi 7,200, kapena maola 120. Masiku asanu athunthu, kanema wa mphindi imodzi yokha! N'chifukwa chake makampani amagawira ntchitoyi makompyuta ambiri nthawi imodzi.

Koma chenjerani, ophunzira anga. Chithunzi chokongola si umboni woti chinthucho chigwira ntchito. Pulogalamu ya rendering imadziwa momwe chitsulo chimanyezimirira, osati katundu yemwe chingasenze. Mlatho woonda kwambiri, woti ungathyoke lole yoyamba ikangodutsa, utha kuoneka bwino zedi pa chithunzi. Kulimba kwake kumafuna masamu ena, a mphamvu zokankha ndi zokoka. Mukadzakhala mainjiniya kapena makhansala ovomereza mapulani, muzidzafunsa masamuwo musanagome ndi chithunzi.

Amene muli ndi mwayi wa kompyuta, yesani Blender, ndi yaulere. Ena nonse, rula ndi pensulo n'zokwanira: ray diagram iliyonse yomwe mumajambula m'kope ndi ntchito yomweyo, kungoti kompyuta imaibwereza kambirimbiri.

Funso la sabata ino: ngati chithunzi chimodzi chikutenga mphindi 2, kanema wa masekondi 30 atenga maola angati? Onetsani njira yonse, osangolemba yankho.