Kuphunzira Kusamalira Odwala Mwakayakaya ku Ulongwe: Mafunso ndi Mayankho

Kodi amene amasamalira odwala mwakayakaya ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndani?

Ku America kuli anamwino a maphunziro apamwamba otchedwa nurse practitioner, amene maphunziro awo anayamba mu 1965 pa yunivesite ya Colorado, ndipo amaloledwa kupima wodwala, kupeza matenda ndi kulemba mankhwala. Ku Mozambique ntchito yofanana ndi imeneyi imagwiridwa ndi técnico de medicina, amene ku Malawi angafanane ndi clinical officer, komanso técnico de cirurgia wochita maopaleshoni, amene dziko linayamba kuwaphunzitsa mu 1984 popeza madokotala ambiri anachoka pa nthawi ya ufulu mu 1975.

Kodi estágio, imene ophunzira ntchito zimenezi amadutsamo, n'chiyani?

Imeneyi ndi nyengo imene wophunzira amachoka m'kalasi, monga pa Instituto de Ciências de Saúde de Tete, n'kukagwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi mlangizi, ndiye kuti wachipatala wozama pa ntchito amene amamuonetsa kachitidwe, amamuwongolera akalakwitsa, ndipo pomaliza amachitira umboni kuti wakhwima.

Mlangizi wabwino amaphunzitsa motani?

Mwana wa malungo aakulu akafika akukomoka, mlangizi amaima pambali n'kumulola wophunzira kuona kapumidwe, kutsitsa chikope kuti aone ngati magazi achepa, kuyeza shuga ndi kupeza mtsempha woikapo diripi, koma amalowererapo msanga moyo ukakhala pachiswe. Pambuyo pake amamufunsa chifukwa chimene anayambira ichi osati icho, pakuti chofunika kwambiri kwa wodwala mwakayakaya ndicho kudziwa choyamba kuchita, ndipo nzeru imeneyi munthu amaitola pambali pa bedi.

N'chifukwa chiyani chipatala cha Ulongwe chili malo oyenera kuphunzirirako?

Chipatala chachikulu cha chigawo chili kutali, mumzinda wa Tete, kotero kuti mayi amene ubereki wamuvuta, mwana wa chibayo m'nyengo yozizira ya kumapiri kuno, kapena wovulala pa ngozi ya njinga yamoto, ayenera kuthandizidwa pompano asanatumizidwe. Motero wophunzira amazolowera kuganiza ndi zipangizo zochepa, amaphunzira kusiyanitsa wodwala woyenera kumugoneka ndi woyenera kumutumiza, ndiponso amaphunzira kumva madandaulo m'Chichewa, ngakhale kuti maphunziro ake ndi zolemba za chipatala zili m'Chipwitikizi.

Nanga chimene chimalepheretsa maphunziro otere n'chiyani?

Mlangizi ndi yemweyo amene akudikiridwa ndi mzere wa odwala, ndipo ophunzira akachuluka pa munthu mmodzi, ena amangoonerera pamene ena amasiyidwa okha asanakonzeke, zomwe zimaika moyo wa wodwala pangozi. N'chifukwa chake sukulu ndi chipatala ziyenera kugwirizana pa chiwerengero cha ophunzira, kuphunzitsa alangizi luso la kaphunzitsidwe, ndi kuwapatulira nthawi yophunzitsa, pakuti wophunzira wa lero akadzatumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, adzalandira wodwala usiku popanda womufunsa.