Manyi a galu si manyowa: tetezani ana ndi mbuzi zanu

Alimi ambiri timasunga agalu. Galu amalonda khola usiku, amathamangitsa anyani ndi apusi kumunda, ndipo ena timapita naye ku uzimba. Koma pamene ndowe za ng'ombe ndi zitosi za nkhuku timazisonkhanitsa mosamala, manyi a galu timangowalambalala mpaka aume okha kapena mvula iwakokolole. Sabata ino tiphunzire chifukwa chake chizolowezi chimenechi chimatiphera mbuzi ndi kudwalitsa ana, ndiponso njira zotayira manyiwa pakhomo ndi paulendo.

Zimene zimabisala m'manyi a galu

Galu amadya nyama yaiwisi, matumbo ndi zakufa zokha. Kamba ka ichi m'mimba mwake mumakhala njoka zamitundumitundu, ndipo mazira a njokazi amatuluka ndi manyi. Mazirawa saoneka ndi maso. Galu akhoza kukhala wonenepa ndi wosalala ubweya koma akutaya mazira tsiku ndi tsiku.

Njoka yoyamba ndi yaitali yobulungira imene madokotala a ziweto amaitcha Toxocara canis. Imapezeka kwambiri mwa tiana ta agalu, popeza timaitenga tili m'mimba mwa make kapena poyamwa. Njoka yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Mazirawa akagwa pansi amafuna masabata awiri mpaka anayi kuti akhwime, ndipo akakhwima amakhala amoyo m'dothi miyezi yambiri, ena mpaka zaka. Mwana wokwawa akadya dothi limeneli, timphutsi timaswa m'mimba mwake n'kuyenda kupita ku chiwindi, kumapapo, mwinanso m'diso. Tikafika m'diso, disolo likhoza kuchita khungu.

Yachiwiri ndi kanjoka koyamwa magazi m'matumbo a galu. Timphutsi take timakhala mu mchenga wonyowa wa pamthunzi, ndipo timaboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato kapena wokhala pansi. Pamalopo pamatuluka kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa kwambiri, kamene kamasuntha pang'onopang'ono.

Zachitatu ndi njoka zaphanthiphanthi zonga lamba. Izi ndi zimene zimakhudza kwambiri mlimi wa ziweto.

Mbuzi yozungulira

Amene aweta mbuzi kapena nkhosa kwa zaka amadziwa za chiweto chimene chimayamba kupendeketsa mutu, kupatuka pa zinzake, kuzungulira malo amodzi, kenaka kugwa osadzukanso. Matenda ochititsa zimenezi alipo angapo, koma amodzi mwa iwo amachokera kwa galu. Njoka yotchedwa Taenia multiceps imakhala m'matumbo a galu. Galu akachita chimbudzi pamsipu, mazira amamatirira pa udzu. Mbuzi ikadya udzuwo, kamphutsi kamayenda m'magazi mpaka ku bongo, kumene kamapanga thumba lamadzi limene limakula kwa miyezi mpaka kufanana ndi dzira la nkhuku. Thumbalo ndi limene limapanikiza bongo.

Tsono taonani zimene timachita. Mbuzi ija ikagwa timaizinga, ndipo mutu kapena bongo wake timaponyera galu. Galuyo amameza thumba lija, njoka zatsopano zimakula m'mimba mwake, ndipo pakapita masabata owerengeka ayamba kuipitsanso msipu. Motero matendawa amangozungulira m'mudzi womwewo, kuchoka kwa galu kupita kwa mbuzi, kuchoka kwa mbuzi kubwerera kwa galu.

Kanjoka kena kakang'ono, kosapitirira mamilimita 7, kotchedwa Echinococcus granulosus, kamayenda njira yomweyi. Matumba ake amadzi timawaona m'chiwindi ndi m'mapapo a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi. Kuipa kwake n'koti munthunso akameza mazira ake, matumbawa amakula m'chiwindi kapena m'mapapo mwake kwa zaka zambiri mwakachetechete, ndipo kawirikawiri pamafunika opaleshoni. Munthu satenga matendawa podya nyama ai, koma pomeza mazira ochokera m'manyi a galu kudzera m'manja, m'madzi kapena pa ndiwo zamasamba. Matendawa avutitsa kwambiri aweti a ziweto a ku Turkana m'dziko la Kenya. Dziko la New Zealand, lomwe lili ndi nkhosa zochuluka, linakhazikitsa lamulo lolimbana nawo mu 1959. Kumeneko analetsa kupatsa agalu zam'kati zaziwisi ndipo anamwetsa agalu mankhwala mosadumphitsa, mpaka mu 2002 boma linalengeza kuti matendawa sakupezekanso.

Oweta ng'ombe zamkaka adziwenso kuti pali kachirombo kotchedwa Neospora, kamene kanapatsidwa dzina mu 1988. Galu amakatenga akadya matenda a ng'ombe yobereka kapena mwana wa ng'ombe wakufa, ndipo manyi ake akagwera m'zakudya kapena m'madzi a ng'ombe, ng'ombezo zimataya bere.

Tisasokoneze zinthu ziwiri izi. Chiwewe chimafala ndi malovu galu akaluma, osati ndi manyi. Masese a nkhumba amachokera m'chimbudzi cha munthu, osati cha galu.

Katayidwe kake pakhomo

1. Chotsani manyi tsiku lililonse, makamaka m'mawa ana asanayambe kusewera ndiponso nkhuku zisanawapalase. Mukachotsa tsiku lomwelo, mazira a njoka yobulungira ija amakhala asanakhwime.

2. Gwiritsani ntchito fosholo kapena khasu lakutha limene mwalipatula kaamba ka ntchito yokhayi. Musagwire ndi manja, chifukwa mazira a njoka zaphanthiphanthi amakhala oopsa kuyambira nthawi yomwe atuluka. Tapani pamodzi ndi kadothi ka pansi pake.

3. Malo abwino kutayako ndi m'chimbudzi chokumba. Musaponyemo ndi jumbo yomwe, chifukwa pulasitiki saola ndipo amadzazitsa dzenje msanga.

4. Ngati agalu ndi ambiri, kumbani dzenje lawolawo lakuya mita imodzi, pa mtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, mjigo kapena mtsinje, ndiponso kutali ndi dimba. Mukataya thiranipo dothi ndi phulusa, ndipo vindikirani ndi chidutswa cha lata kuti nkhumba ndi agalu asafukule. Phulusa limachepetsa fungo ndi ntchentche koma silipha mazira. Dzenje likatsala pang'ono kudzaza, likwirireni n'kukumba lina.

5. Musaike manyi a galu pa mulu wa kompositi kapena m'khola la manyowa. Mulu wapakhomo sutentha mokwanira mbali zonse kuti uphe mazirawa, ndipo mudzawanyamula nokha kupita nawo pa bedi la mpiru ndi tomato.

6. Galu akaipitsa pa simenti, chotsani kaye, kenaka thiranipo madzi owira. Mankhwala otsukira m'nyumba sapha mazira a njoka yobulungira.

7. Mukatha sambani m'manja ndi sopo. Ntchitoyi ndi ya akuluakulu, musatume ana aang'ono.

Mukamayenda ndi galu

Galu amakonda kuchita chimbudzi akangodya kapena akangomasulidwa pa chingwe. Mukamupatsa mpata pamalo amodzi kuseri kwa nyumba musananyamuke, amazolowera, ndipo ntchito yotola imachepa.

Popita kumunda khasu limakhala lili paphewa kale. Galu akaipitsa m'njira, kumbani pambali kadzenje kakuya kufika m'chigongono, kankhiranimo ndi kukwirira bwino. Musamulole kulowa m'dimba la ndiwo zamasamba, pamulu wa udzu wa ng'ombe kapena pa chitsime. Abusa amene amatenga agalu kudambo auzidwe zimenezi, popeza padambo ndi pamene mbuzi za mudzi wonse zimadyera.

Amene mumakhala pa tauni kapena pamalo a malonda, mangani galu pa chingwe ndipo tengani nyuzipepala yakale ndi jumbo. Tolani ndi pepalalo, ikani m'jumbo, ndipo mukafika kunyumba khuthulirani m'chimbudzi. Musasiye manyi pabwalo la mpira, pasukulu kapena pamsika, ndipo musawakankhire mu ngalande, chifukwa mvula ikagwa zonsezo zimathera mumtsinje momwe anzanu amatunga madzi.

Dulani njira ya njoka

Kutola manyi kokha sikukwanira ngati galu akupitiriza kumeza njoka zatsopano. Mukapha mbuzi pa ukwati, pamaliro kapena pamsika, chiwalo chilichonse chokhala ndi thumba lamadzi chitenthedwe kapena chikwiriridwe mozama. Mutu wa mbuzi yozungulira usaperekedwe kwa galu. Zam'kati zimene mukufuna kum'patsa ziyambe zawiritsidwa mpaka kupsa.

Galu wamkulu amwe mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu iliyonse, ndiye kuti kanayi pa chaka. Tiana ta agalu tiyambe tili ndi masabata awiri, n'kumabwereza masabata awiri alionse mpaka titakwana miyezi itatu, ndipo make amwe nawo. Pogula onetsetsani kuti mankhwala a galu wamkulu muli praziquantel, chifukwa ndi amene amapha njoka zaphanthiphanthi. Muyezo wake umatsata kulemera kwa galu. Mukam'mwetsa, m'mangeni masiku awiri kapena atatu ndipo kwirirani zonse zimene atulutse, popeza mankhwala amapha njoka koma mazira amatuluka amoyo.

Galu wa mnzanu amadutsa pabwalo panu, ndipo wanu amadutsa pake. Choncho nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa mudzi kapena wa kalabu ya alimi. Mungagwirizane kuti tsiku limene agalu akubayidwa katemera wa chiwewe, onse amwenso mankhwala a njoka, ndi kusonkherana ndalama zogulira. Mlangizi wa ziweto wa dera lanu akuthandizani pa muyezo wa mankhwala, ndipo mbuzi ikayamba kuzungulira muitaneni aione musanaizinge.