Za opita kukagwira ntchito kunja: phunziro la pa Mbenji

Mbenji ndi chilumba cha pa nyanja ya Malawi, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima. Chimadziwika ndi utaka. Ambiri mwa asodzi amene amagona pachilumbachi si eni dera: amachokera m'maboma ena, kukhala miyezi ingapo kutali ndi mabanja awo, kenako n'kubwerera. Moyo wawo sukusiyana kwenikweni ndi wa mnyamata wa m'parishi muno amene akusonkhanitsa ndalama ya basi ya ku Joni, kapena mtsikana amene walonjezedwa ntchito ya m'nyumba ku maiko a Aluya.

Dongosolo la pa Mbenji lidayamba m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi ochokera ku Likoma adafika kudzapempha malo kwa mfumu. Adayamba apempha asanaponye khoka m'madzi. Mfumu idawalola, koma idaika malamulo amene akutsatidwa mpaka lero. Pachilumba saloleza mowa, chamba kapena njuga, ndipo akazi safikapo. Usodzi umatsekedwa mu Disembala, aliyense n'kuchokapo, ndipo umatsegulidwanso cha mu Epulo ndi mwambo umene umachitikira ku gombe la Chikombe. Wophwanya lamulo amalipitsidwa, kapena kuthamangitsidwa kumene. Mlendo angathe kuona ngati ena mwa malamulowa ndi okhwima kwambiri, koma kunena kuti "kwathu sititero" sikumupulumutsa.

Apa ndi pamene ambiri opita ku South Africa amapunthwa. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa m'dzikolo popanda viza kwa masiku 30, koma masiku amenewa ndi a mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Ntchito imafuna chilolezo chake chapadera, chimene amachipempha asananyamuke. Malinga ndi malamulo a mu 2014, wopyoza masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo ngati wapyoza ndi masiku oposa 30, chiletsocho chimafika zaka zisanu. Wogwidwa alibe mapepala amakasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Choipa china chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi chakuti munthu wopanda mapepala akamanidwa malipiro amaopa kukadandaula, ndipo mabwana ena osaona mtima amadziwa bwino zimenezi.

Msodzi wa pa Mbenji amadziwa mwini bwato amene akumugwirira ntchito, ndiponso momwe adzagawanire za nsomba, asanakwere m'bwatomo. Wopita kunja ayenera kudziwanso chimodzimodzi: dzina la bwana, tauni, malipiro, maola a ntchito, ndi amene adzalipire ulendo wobwerera. Zonsezi zilembedwe, ndipo aziwerenge modekha akadali kuno, pamodzi ndi wachibale wodziwa Chingerezi bwino. Lonjezo la pa WhatsApp si mgwirizano. Amayi ambiri a ku Malawi amene adapita ku Oman pokhulupirira malonjezo otere adalandidwa mapasipoti atangofika, ndipo kubwerera kwawo kudakhala kovuta koopsa. Choncho pasipoti ijambulidwe, pepala lina lisiyidwe kwa makolo, lina likhale m'foni. Nambala za ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ya ku Pretoria kapena Johannesburg, zilembedwe pa kapepala, chifukwa foni imabedwa.

Pali chinanso chimene kutsekedwa kwa chilumba kumaphunzitsa. Msodzi amadziwa kuti Disembala akubwera, ndipo wanzeru amatumiza ndalama ya feteleza kumudzi utaka ukadali wambiri. Ntchito zakunja nazo zili ndi nyengo: mgwirizano umatha, thupi limadwala, zipolowe zodana ndi alendo zimabuka monga zidachitikira ku South Africa mu 2008 ndi 2015, pamene boma lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Ndalama yobwererera isungidwe padera kuyambira mwezi woyamba, ndipo banja ligwirizaniretu amene azilandira zotumizidwa ndi ntchito yake.

Mkhristu amene akunyamuka ayambe wafika ku ofesi ya parishi kukatenga kalata ya ubatizo ndi ya chilimbitso, ndi kudziwitsa atsogoleri a mphakati wake. Makalatawa adzafunidwa akadzafuna kumanga ukwati kapena kubatizitsa mwana kumene akupitako, ndipo kuwaitanitsa ali kutali kumatenga nthawi yaitali.