Masamu a magetsi amene akufunika kunyumba ndi kumzikiti



Magetsi amene timagwiritsa ntchito kuno ku Thyolo ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. EGENCO ndiyo imapanga, ESCOM n'kutigulitsa. Tonse tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Chinthu chovuta kupeza chotere ndi amana, ndipo Qur'an imatiletsa israf, kumwaza zinthu mosasamala. Koma munthu sangasamale chimene sadziwa kuchiyeza. N'chifukwa chake lero, ngakhale ndife a maphunziro a chipembedzo, tabwereka choko cha anzathu a Physics.

Taganizani za thanki yamadzi pamalo opangira wudhu. Thanki ikakhala pamwamba, madzi amakankhika mwamphamvu: kukankha kumeneko pa magetsi ndi voltage, ndipo timayeza m'ma volt. Kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipi ndiye current, m'ma amp. Paipi yopapatiza imapinga madzi: kupinga kumeneko ndi resistance, m'ma ohm. Dzinali n'lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene anafalitsa lamulo lake mu 1827. Chachinayi ndi power, mphamvu imene chipangizo chikudya pa sekondi iliyonse, m'ma watt.

Malamulo ake ndi awiri. Pofuna resistance, gawani voltage ndi current: R = V ÷ I. Pofuna power, chulukitsani: P = V × I. Magetsi a m'nyumba m'Malawi muno ndi 230 V.

Tiyambe ndi ketulo yokoka 10 A. Resistance yake ndi 230 ÷ 10 = 23 ohm, power yake ndi 230 × 10 = 2,300 W. Tsono pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi mkati, ndipo yaikulu kwambiri ndi ya 13 A. Ndiye kuti ekisitenshoni imodzi isapitirire 230 × 13 = 2,990 W. M'mwezi wa Ramadhan, nthawi ya futari ikayandikira, n'kosavuta kulumikiza ketulo ija limodzi ndi hotipuleti ya 1,500 W. Zonse pamodzi ndi 3,800 W. Tikatembenuza lamulo lija, I = P ÷ V, tipeza 3,800 ÷ 230, pafupifupi 16.5 A. Apa tapitirira malire a 13 A aja, ndipo fyuzi ikapsa yagwira ntchito yake. Choopsa n'chimene ena amachita, kuikamo kawaya m'malo mwa fyuzi. Pamenepo chimene chimatentha ndi chingwe. Current ikawirikiza kawiri, kutentha kwa chingwe kumawirikiza kanayi, ndipo pansi pa mzikiti pali makapeti ndi mikeka.

Chachiwiri, mayunitsi. Yuniti imodzi ndi 1,000 W kwa ola limodzi. Tinene kuti mzikiti uli ndi mababu 10 akale a 100 W, ndipo amayaka maola 3 usiku uliwonse pa Isha ndi Taraweh. Mababuwo pamodzi ndi 1,000 W, choncho usiku umodzi amadya mayunitsi 3, masiku 30 mayunitsi 90. Tikaika mababu a LED a 10 W, masiku omwewo adya mayunitsi 9 okha. Mayunitsi 81 otsalawo ndi ndalama za sadaka zimene amayi ndi abambo anathyolera tiyi m'mame. Akuluakulu a komiti, musanagule babu, werengani kaye nambala imene yalembedwa pakatoni.

Chachitatu, sola. Misikiti yambiri yakumudzi imadalira batire la 12 V. Mkuzamawu wa adhana wa 60 W umakoka 60 ÷ 12 = 5 A pa batire, pamene chipangizo cha 60 W pa 230 V chimakoka pafupifupi 0.26 A. Apa tikuona chifukwa chake waya wa sola ayenera kukhala wonenepa ndi wamfupi. Waya wowonda ali ndi resistance yaikulu, motero mphamvu ina imathera m'njira ngati kutentha, ndipo pa Fajr mawu a muadhini safika patali.

Makolo ogwira ntchito m'mafakitale a tiyi, monga ku Satemwa ndi ku Conforzi, amaona timapuleti tolembedwa V, A ndi kW pa mamota oyendetsa mafani ofotetsa masamba. Manambala ake ndi omwewa, kungoti kumeneko ndi aakulu. Afunseni akuuzeni.

Ntchito ya kunyumba nayi. Ayironi ikukoka 5 A pa 230 V. Pezani resistance ndi power yake. Kodi ingagwire ntchito pa ekisitenshoni imodzi ndi ketulo ija? Kenako zimitsani swichi, zulani pulagi, mulembe ma watt a zipangizo zitatu za kwanu, muwerengere ma amp a chilichonse. Musatsegule soketi kapena mita. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri a magetsi. Mayankho tidzaona limodzi m'kalasi Lolemba, insha Allah.

Allah atiwonjezere maphunziro aphindu ndi kutiteteza ku ngozi ya moto. Ameen.