Phunziro la Mabanja: Mayi Zélie Martin ndi Ana Ake Aakazi

Mayi aliyense amene ali ndi mwana wamkazi amakondwa poona msinkhu wake ulikukwera, koma mumtima mwake simusowa nkhawa. Amadzifunsa kuti: kodi mwanayu adzakhala munthu wotani, adzagwa m'manja mwa yani, ndipo adzatani tsiku limene mayi wake sadzakhalaponso? Phunziro la lero lifotokoza za mayi wina wa ku France amene adalimbana nawo mafunso omwewo, nawayankha ndi moyo wake. Dzina lake ndi Zélie Martin, mayi wake wa Thérèse wa ku Lisieux, amene akhristu a kuno amamtchula Tereza Woyera wa Mwana Yesu.

1. Mbiri yake

Zélie Guérin adabadwa pa 23 December 1831 pafupi ndi mzinda wa Alençon. Ubwana wake sudali wokondweretsa, pakuti mayi wake, ngakhale adali mkhristu wolimba, adali wouma mtima polera, kotero kuti Zélie sadalandirepo ngakhale chidole chimodzi. Atakula adafuna kulowa m'chipani cha asisitere osamala odwala, koma adamkana. Pamenepo adaphunzira kuluka nsalu ya lesi ndi singano, ntchito imene idatchukitsa mzinda wa Alençon, ndipo adayamba malonda akeake, nalemba amayi ena omlukira kunyumba kwawo.

Mu July 1858 adakwatiwa ndi Louis Martin, wokonza ndi kugulitsa mawotchi. Mulungu adawapatsa ana 9, koma anayi adamwalira ali aang'ono: anyamata awiri ndi atsikana awiri. M'chaka cha 1870 chokha adaika maliro a ana awiri. Otsala adali atsikana asanu: Marie, wobadwa mu 1860, Pauline mu 1861, Léonie mu 1863, Céline mu 1869, ndi Thérèse mu 1873. Makalata a Zélie oposa 200 adasungidwa mpaka lero, ndipo ndi mwa iwo m'mene muoneka malangizo ake ndi zimene adali kufunira ana akewo.

2. Chimene adali kuwafunira koposa zonse

Makolo ambiri akafunsidwa chimene afunira mwana wawo wamkazi amatchula maphunziro, ntchito ndi banja labwino. Zonsezi nzabwino, ndipo Zélie sadazinyoze: Marie ndi Pauline adawatumiza ku sukulu yogonera komweko ya asisitere a Visitation ku Le Mans, kumene mkulu wake adali sisitere. Koma pamwamba pa zonse adaikapo chinthu chimodzi. Polembera Pauline adanena mosabisa kuti afuna ana ake onse adzakhale oyera, ndi kuti iye yemwe ayenera kuyesetsa kuwatsata pa njira yomweyo.

Mbali yachiwiri ya mau amenewa ndiyo yofunika kuisunga. Zélie adadziwa kuti mwana amaphunzira ndi maso koposa ndi makutu. Iye ndi mwamuna wake adali kupita ku Misa ya m'mamawa masiku onse asanayambe ntchito. Bambo Louis adali kutseka sitolo yake tsiku Lamulungu, ngakhale lidali tsiku limene anthu akumidzi adali kubwera ambiri kudzagula. Zélie adali kulipira antchito ake pa nthawi yake, ndipo wina akadwala adali kukamuona. Ana adakula alikuona zimenezi, motero pouzidwa za chilungamo ndi chifundo sadamve ngati nkhani yachilendo. Mayi wolangiza mwana kuti asaname, pamene iye mwini amtuma kukauza wangongole kuti amayi achoka, afafaniza ndi dzanja lamanzere chimene walemba ndi lamanja.

3. Kulimba kosakaniza ndi kukoma mtima

Munthu woleredwa mwankhanza kawirikawiri amalera ana ake mwankhanza yomweyo. Zélie adakana kutero. Zimene iye adazisowa ali mwana adazipereka kwa ana ake: adali kuwagulira zoseweretsa, kuwaveka bwino, ndi kusewera nawo ngakhale ntchito ya lesi idali kumdikira mpaka usiku. Marie atatsiriza sukulu mu 1875, mayi wake adamlola kukacheza ndi atsikana anzake, poona kuti kumtsekera m'nyumba kukadangomuonjezera manyazi.

Komabe kukoma mtima kwake sikudali kulekerera. M'makalata ake adalemba poyera zofooka za mwana aliyense, ngakhale za Thérèse wamng'onoyo, amene adamuona kuti ngwanzeru ndi wosabisa kulakwa kwake, koma wamakani kwambiri. Akulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Zélie adali kudzudzula cholakwa tsiku lomwelo, nakhululuka mwana akangovomera. Chifukwa cha chimenecho anawo sadaope kuulula zolakwa zawo. Mtsikana amene aphunzira ali wamng'ono kuti mayi wake amamva asanaweruze, adzabweranso kwa iye pa msinkhu wa unamwali, pamene zoulula zimakhala zolemera koposa kuswa mbale.

Adawaphunzitsanso ntchito. Marie atabwerera kwawo adapatsidwa udindo wothandiza kusamala nyumba ndi kuphunzitsa mng'ono wake Céline. Patangopita zaka ziwiri, maphunziro amenewa ndiwo adachirikiza banja lonse.

4. Mwana wovuta

Pa ana asanuwo, amene adaliritsa mayi wake koposa ndi Léonie. Adali wodwaladwala chibadwire, wochedwa kumva za m'kalasi, ndi wosachedwa kupsa mtima. Mu 1874 asisitere a ku Le Mans adambweza kwawo patangopita miyezi yochepa. Kunyumba adali kukana chilichonse chimene mayi wake adamuuza, ndi kumthawa. Zélie adayesa kunyengerera, adayesa kukalipa, koma zonse zidakanika.

Kumayambiriro kwa 1877 Marie adatulukira chinsinsi. Mtsikana wantchito amene adakhala m'nyumbamo zaka zambiri adali kulamulira Léonie mobisa, kumuopseza ndi kummenya, namletsa kumvera wina aliyense koma iye yekha. Mwanayo adali chete chifukwa cha mantha. Zélie atamva adachitapo kanthu msanga, naletsa wantchitoyo kuti asakhalenso ndi mphamvu iliyonse pa mwanayo. Kuyambira pamenepo Léonie adasintha, nayamba kukakamira mayi wake osafuna kusiyana naye.

Apa pali phunziro lalikulu. Zélie adali mayi wachangu ndi wopemphera, komabe choipa chidachitika pansi pa denga lake zaka zambiri iye osadziwa. Mwana akasintha khalidwe, akayamba mwano kapena kukhala duu, sikokwanira kumutcha wosamva. Mayi ayenera kufufuza modekha amene amakhala ndi mwanayo iye akachoka, ndi chimene mwanayo akuopa. Ndipo choipa chikaululika, chitetezo cha mwana chiyenera kutsogola, ngakhale wolakwayo akhale munthu wozolowereka pakhomo kapena mbale.

5. Kutsazika

Pa nthawi imeneyo Zélie adali atadwala kale khansa ya m'mawere. Kumapeto kwa 1876 dokotala adamuuza kuti opaleshoni siingathandizenso. Iye sadaope imfa chifukwa cha iye mwini. Chidamvuta nchakuti Léonie adali atangoyamba kumfuna. Mu June 1877 adapita ku Lourdes pamodzi ndi Marie, Pauline ndi Léonie kukapempha kuti achire, koma adabwerako ali chidwalire. Sadadandaule, koma adalimbitsa ana ake kuti asaleke kukhulupirira Mulungu ndi Amayi Maria chifukwa chakuti pempho lawo silidayankhidwe monga iwo adafunira. Masiku otsalawo adawagwiritsa ntchito pokonzekeretsa ana aakulu kuti adzalere ang'ono awo. Adamwalira pa 28 August 1877 ali ndi zaka 45, Thérèse ali ndi zaka zinayi.

6. Zipatso

Mau a akulu akoma akagonera. Banja lidasamukira ku Lisieux, kufupi ndi mlongo wake wa Zélie, ndipo Marie ndi Pauline adalera ang'ono awo monga adaphunzitsidwira. Marie, Pauline, Céline ndi Thérèse adalowa m'nyumba ya asisitere a Carmel ku Lisieux. Thérèse adamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24. Papa Pius XI adamlemba m'gulu la oyera mu 1925, ndipo mu 1927 adamuika kukhala nkhoswe ya mamishoni. Chipani cha Asisitere a Tereza, chimene Ambuye Mathurin Guillemé adayambitsa m'dziko muno mu 1929, chidatenga dzina lake.

Léonie adayesa katatu moyo wausisitere, ndipo katatu konse adabwerera kwawo. Mu 1899 adalowa kachinayi, kwa asisitere a Visitation ku Caen, nakhala komweko modzichepetsa mpaka imfa yake mu 1941. Mu 2015 Eklezia adayamba kufufuza za moyo wake, ndipo pa 18 October chaka chomwecho Papa Francis adalengeza kuti Louis ndi Zélie Martin ndi oyera.

Phunziroli silitanthauza kuti mwana wamkazi aliyense ayenera kukhala sisitere. Zélie mwini adayera mtima m'banja, pakati pa malonda, matenda ndi maliro. Chimene mayi angapatse mwana wake ndicho mtima wodziwa Mulungu, manja odziwa ntchito, ndi chitsimikizo chakuti amakondedwa ngakhale atalakwa. Njira ya moyo adzasankha mwanayo, poyankha kuitana kwa Mulungu.

Mafunso okambirana m'mabungwe ndi m'miphakati

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene ana aakazi amaphunzira poona mayi wawo, zimene sangaphunzire pomva mau okha?
2. Nchifukwa chiyani Léonie adabisa mavuto ake, ndipo mayi angatani kuti mwana wake asaope kumuululira zakukhosi?
3. Kodi kulimba polera kusiyana bwanji ndi nkhanza, ndipo kukoma mtima kusiyana bwanji ndi kulekerera?
4. Kodi makolo amafunira ana awo onse zabwino mofanana, kapena amataya mtima msanga pa mwana wochedwa?